Ngongole ya ku Koleji ndi Matenda Amene Ndinkabisa

Ana anga, za ubwana wanga ku Chadiza munazimva kale pakamwa panga, sindizibwereza. Mutu uno ndiyambira pamene boma linandipatsa choko m'manja. Muli zina muno zimene sindinakuuzenipo. Amayi anu anandilola kuti ndilembe, koma anati ndisadzikometse.

1975: Bundabunda

Ndinafika ku Bundabunda pa lole yonyamula feteleza, nditakhala pamwamba pa matumba, sutikesi ya malata ili pamiyendo. Sukulu yake inali ya midadada iwiri, wina wofolera malata, wina udzu. Amene anandilandira ndi mphunzitsi wamkulu, ba Mulenga, munthu wa kumpoto, wamfupi koma wa mawu otha kudzutsa mudzi wonse. Anandiyang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato, nandipatsa moni wa kwawo, nati, "Shani ba ticha? Mwabwela na mbaula? Kuno kulibe malaiti, nyali yathu ni mwezi." Anandipatsa giredi faifi ndi munda wa sukulu, nandilowetsa m'kachipinda komwe kale ankasungiramo makasu. Malipiro anga oyamba anachedwa miyezi ingapo, ndipo amene anandisunga ndi makolo a ana: uyu kabakuli ka ufa, uyu maungu, uyu nkhuku ya chitopa imene inafunika kuphedwa msanga. Choko chikatha tinkalemba pa bolodi ndi chinangwa chouma. Buku limodzi linkawerengedwa ndi benchi yonse, ana a kumapeto akuwerenga chopendeka. Koma m'kusowa konseko munali chinthu chimodzi chimene sichinkasowa, ndicho ulemu. Mphunzitsi masiku amenewo akamadutsa, amuna ankavula zipewa, amayi ankapatuka m'njira n'kugwada. Ine mwana wa mlimi wa fodya, amene ndinakula ndikuweta mbuzi za eni, ulemu umenewu unandilowa m'mutu ngati kachasu. Buluku ndinkasita tsiku lililonse ndi simbi ya makala, ngakhale m'mimba muli mbatata yokha.

Amayi anu ndinawaona koyamba ku tchalitchi chaching'ono cha mishoni, m'kwaya. Anali Rozaria, mwana wa akatekisi, ba Damiano. Ankaphika munkoyo, chakumwa chonga thobwa, wotchuka dera lonse, ndipo pakamwa pawo panalibe mantha. Tsiku limene ndinalowa kwaya, nditamanga tayi dzuwa lili ng'aa, anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Ba ticha, masulani ntambo iyo pakhosi, mwina mau yazatuluka." Kwaya yonse inaseka. Ine ndinapsa mtima mlungu wathunthu, kenako ndinatuma ankhoswe. Tinakwatirana mu 1977, ndipo chaka chotsatira Beni anabadwa.

1979: Chalimbana

Kunabwera mwayi woti aphunzitsi ena akawonjezere maphunziro ku koleji ku Chalimbana. Malo amene boma linkalipira zonse anali ochepa, ndipo anapita kwa amene anali ndi zaka zambiri pa ntchito. Ine anandipatsa malo a mtundu wina: boma lindilipirire, koma ikhale ngongole, adzayambe kudula pa malipiro ndikadzamaliza. Ndinasaina osawerenga bwino. Maso anga anali pa setifiketi ndi pa mpando wa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu, umene unali wopanda munthu pa sukulu yathu. Amayi anu anabwerera kwa makolo awo ndi Beni, nalima chimanga ndi mtedza, ndipo patchuthi ndinkapeza atandisungira kandalama ka munkoyo kogulira mafuta a nyali. Ku koleji tinkadya nyemba zofumbwa, tinkapita ku misonkhano ya chipani tikaitanidwa, tinkaimba zimene ankatiuza kuimba. Ndinamaliza bwino, n'kubwerera ku Bundabunda komweko, tsopano m'nyumba ya zipinda ziwiri, yoyandikana ndi ya ba Mulenga.

1981

Aginesi anabadwa movutikira. Amayi anu anadwala malungo aakulu ali m'chikuta, mpaka akatekisi anabwera ndi ansembe kudzawadzoza mafuta. Anachira, koma patapita miyezi ingapo, Lamulungu lina masana titachokera ku tchalitchi, akusenda mtedza pamphasa m'nyumba, anangolira liwu limene ndinali ndisanamvepo, n'kugwa chagada. Thupi lonse linauma, kenako linayamba kugwedezeka, maso atatembenuka, thovu likutuluka pakamwa. Beni anathawira kuseri kwa mpando. Ndilemba apa chimene ndinachita choyamba: ndinathamangira kukatseka chitseko. Mutu wa mkazi wanga ukumenya pansi, ine ndili kalikiliki ndi loko, kuti wina wodutsa asaone. Nditatseka m'pamene ndinagwada n'kuwagwira.

Muyenera kudziwa mmene anthu ankaonera khunyu masiku amenewo. Ankati munthu wogwa khunyu ndi wolodzedwa, kapena kuti kwawo kuli mlandu wa mizimu. Ankati ukakhudza thovu lake nawenso uyamba kugwa. Munthu wotere sankadya naye mbale imodzi, ndipo ana ake ankavutika kupeza banja. Ine ndinali nditaphunzira sayansi ku koleji, ndinkadziwa kuti zambiri mwa izi n'zabodza. Koma kudziwa ndi mutu ndi kwina. Ndinkangoona makolo akunong'onezana kuti mkazi wa ba ticha amagwa, ndi zipewa zija zitasiya kuvulidwa.

Tinapita ku chipatala chachikulu ku Lusaka. Dokotala anatiuza mosabisa kuti ndi khunyu, kuti silipatsirana, ndipo kuti likhoza kugonja ngati amayi anu amamwa timapiritsi toyera tsiku lililonse osadumphitsa. Anawonjezera kuti asamakhale okha pamoto kapena pachitsime. Vuto linali lakuti timapiritsi timeneto ku kiliniki ya kwathu kunalibe, monga mmene kunalibe sopo m'sitolo, shuga ndi mafuta ophikira amene tinkati saladi. Tinkayenera kupita ku Lusaka mwezi uliwonse, anthu awiri, chifukwa amayi anu sakanayenda okha. Kuchoka ku Bundabunda kufika pa msewu waukulu, kudikira basi imene mwina ibwera mwina ayi, kugona kwa achibale ku komboni, kubwerera. Aneba ndinkawauza kuti tikupita kukaima pa mzere wa saladi.

Nthawi yomweyo ndi imene boma linakumbukira ngongole yake. Linayamba kudula, n'kuphatikizapo ndi miyezi ya m'mbuyo imene linaiwala kudula. Malipiro akafika, ndikachotsa ya basi ndi ya ufa, zotsala sizinkafika pakati pa mwezi.

1982

Tsiku lina ana ali pa buleki, ba Mulenga anandiitanira mu ofesi yawo. Malipiro a aphunzitsi onse ankadzera m'manja mwawo, choncho ankadziwa zimene ndinkalandira. Anatseka chitseko, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, natsitsa mawu awo aakulu aja.

"Ba Mwanza, iyi ndalama yamene bakudulani, muziba kuti ingaimisiwe?"

Ndinati sindikudziwa. Anandifotokozera kuti pa pepala lomwe ndinasaina lija panali ndime yolola munthu kupempha kuti ngongole iyambe yaima. Sinali ya aliyense. Inali ya amene wamaliza koleji koma sanapatsidwe malo a ntchito, ya amene wadwala yekha mpaka kusiya kuphunzitsa, ndi ya amene mkazi wake kapena mwana wake ali ndi matenda a nthawi yaitali ofuna chipatala kawirikawiri. Ngongoleyo sinkafa, inkangodikira. Chofunika chinali kalata ya dokotala, ndi kukaonekera pamaso pa kabungwe ku boma ku Chongwe, mmene munkakhala bwana wa maphunziro ndi tcheyamani wa chipani wa wadi ya wopemphayo. Masiku amenewo palibe pepala limene linkayenda lopanda chidindo cha chipani.

"Manje ine nilowapo pati?" ndinafunsa.

Ba Mulenga anayang'ana pawindo. "Manyumba yathu yali pafupi, ba Mwanza. Chipupa ni cha njelwa imozi. Ine na bana Chanda timamvela."

Bana Chanda anali akazi awo. Ndinaimirira n'kunena kuti amake Beni alibe vuto lililonse, ndi magazi ochepa chabe chibadwire mwana. Ba Mulenga sanalimbane nane. Anangoti, "Chabwino ba ticha. Koma njala siiziba tayi."

Chimene chinkandiopsa kwenikweni anali tcheyamani wa wadi yathu, ba Njovu. Anali ndi golosale ndi kachipinda ka mowa kuseri kwake, ndipo nkhani imene yalowa m'khutu mwawo m'mawa, madzulo inkakhala itamwedwa ndi chibuku. Analinso m'komiti ya makolo pa sukulu, ndipo mawu awo ankalemera pa nkhani ya mpando wa wachiwiri uja. Ndinadziuza kuti ndikuteteza amayi anu ku malilime a anthu. Ndinadziuza kuti ndikuteteza inu, kuti musadzatchedwe ana a wakhunyu. Koma amayi anu sindinawafunse ngati akufuna kutetezedwa motero. Za ndime ija sindinawauze n'komwe.

Ndinagulitsa wailesi. Kenako njinga, imene inagulidwa ndi mnyamata wa ku dipi ya ng'ombe, ndipo ankandidutsa nayo akuliza belu. Zimenezo zitatha, tinayamba kudumpha miyezi ya ku Lusaka. Madzulo ena ndinatenga mpeni n'kuyamba kudula timapiritsi pakati, kuti tikwane miyezi iwiri. Amayi anu anandiyang'ana ali ndi Aginesi kubere.

"Atate ake Beni, ba dokota ndiye banakamba so?"

"Tiyese chabe," ndinayankha osadzutsa mutu. "Masiku yano muli bwino."

Anamwa theka lija n'kutsira madzi otsala m'mphika wa maluwa. Mlungu womwewo anayambanso kuphika munkoyo wogulitsa, umene dokotala anawaletsa chifukwa cha moto, kuti apeze ya basi. Ine ndinaona nkhuni zikuunjikidwa kuseri kwa nyumba, ndinaona mgolo ukutsukidwa, ndipo sindinawaletse, chifukwa ndalamayo ndinkaifuna.

Okutobala, 1982

Kunali kotentha kwambiri, malata akulira okha padenga. Ndinali m'kalasi ya giredi seveni, ndikuwakonzekeretsa mayeso, pamene ndinamva kukuwa ku nyumba za aphunzitsi. Ndinadziwa ndisanauzidwe. Nditafika kuseri kwa nyumba yathu ndinapeza amayi anayi kapena asanu a m'mudzi, amene anabwera kudzagula munkoyo, ataima mozungulira, manja ali kumutu, akulira koma osayandikira. Amayi anu anagwera pa mafuwa, dzanja lamanzere lili m'makala, phala lotentha litakhuthukira pambali. Palibe amene anawakhudza, chifukwa cha thovu. Amene anawakoka ndi bana Chanda, amene anathamanga kuchokera kwawo ndi thovu la sopo m'manja, nawagwira miyendo n'kuwakwekwereza kutali ndi moto, akutukwana amayi aja m'Chibemba.

Ana a kalasi yanga anali atanditsatira. Ndinatembenuka n'kuwakalipira kuti abwerere m'kalasi, ndipo ndinaima mpaka womaliza atapita. Bana Chanda anandiyang'ana ali chogwada, mutu wa amayi anu uli pamiyendo pawo.

"Ba ticha, siyani bana! Bwelani mugwile bakazi banu!"

Dzanja linapsa kuyambira pachigongono mpaka pa zala ziwiri. Tinawanyamula pa ngolo ya ng'ombe mpaka ku kiliniki ya mishoni, kumene asisitere anawasunga milungu ingapo. Chipsera chimene munkachisisita muli ana, n'kumauzidwa kuti ndi ngozi ya pamoto, chinabwera motero.

Amayi anu ali ku kiliniki, apongozi anga ba Damiano anabwera kunyumba. Mukudziwa mwambo wathu: munthu ndi apongozi ake sayang'anana kumaso, sakhala moyandikana, ndipo nkhani yolemera imadzera kwa ankhoswe. Chikwatire mwana wawo tinkalankhulana chammbali, aliyense akuyang'ana kwake. Tsiku limenelo anakana mpando, nakhala pa chitsa moyang'anizana nane. Kwawo ankalankhula Chisoli, koma anandiyankhula m'Chinyanja kuti ndisaphonye liwu.

"Apongozi, ine na imwe sitiyanganana pamenso. Koma lelo niyanganeni."

Ndinayesa. Maso anga anafika pa kolona imene inali m'khosi mwawo, n'kuthera pomwepo.

"Ba hedi baniuza vonse," anatero. "Baniuza kuti boma inali na njila, imwe munakana. Nifuna nimvele kwa imwe. Ni zoona?"

Ndinati ndi zoona. Ndinayamba kufotokoza za ba Njovu, za malilime a anthu, za tsogolo la ana. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera okha.

"Mwana wanga munamutenga ali na manja yabili," anatero mofatsa. "Matenda si imwe munamupasa, iyo ni ya Mulungu. Koma ngati yamichitisa nsoni, nibwezeleni. Kwanga azagwa pa bwalo, bantu baone, ise timunyamule."

Anaimirira, nandidalitsa ndi chizindikiro cha mtanda monga ankachitira kwa aliyense, napita. Kunena zoona, ndikanakonda akanandimenya.

Novembala, 1982: ku boma

Ba Mulenga ndi amene analemba pempho langa pa taipi ya sukulu. Kalata ya dokotala ndinakatenga ku Lusaka ndi ndalama yobwereka kwa iwo omwe. Tsiku loonekera, amayi anu anati apita nawo. Ndinati palibe chifukwa, dzanja likadali losapola. Anayankha kuti, "Nkhani ni yanga," navala chitenje chawo cha ku tchalitchi, namanga dzanjalo ndi mpango, nasiya ana kwa agogo anu.

Ku Chongwe tinapeza benchi ya pakhonde ili ndi ena odikira: mnyamata amene anamaliza koleji koma malo osapatsidwa, ndi mphunzitsi wina wowonda, wotsokomola, amene anabwera atatsamira mng'ono wake. Iwo sankabisa kanthu, ankakambirana mavuto awo ngati anthu a pa mzere wa chigayo. Ine ndinakhala kumapeto, jekete lili pathupi, thukuta likutsika kumsana. Dzina langa litaitanidwa ndinauza amayi anu kuti adikire panja.

M'chipindamo munali tebulo lalitali, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chili pakhoma. Pakati panakhala bwana wa maphunziro, munthu wa imvi ndi magalasi, wooneka wotopa. Kumanja kwake kunali ba Njovu, chidindo chili patsogolo pawo, ndipo kumapeto kalaliki wamkazi. Choyamba anafunsa khadi la chipani. Ba Njovu analitembenuza uku ndi uku ngati sakundidziwa, nalibweza. Kenako bwana uja anati ndinene chifukwa chimene ndikupemphera kuti ngongole iime.

Ndinayamba m'Chingerezi. Ndinalankhula za kukwera kwa mitengo, za kusowa kwa zinthu m'masitolo, za kutalika kwa Bundabunda, za mmene ndatumikirira dziko mokhulupirika. Ndinasankha mawu aatali amene ndinaphunzira ku koleji. Bwanayo anavula magalasi.

"Ba Mwanza, mitengo yakwela kuli bonse, na ine wamene. Ngati iyo ndiye nkhani, dziko yonse izabwela pa benchi apo. Kambani Chinyanja, ba chairman bamvele. Muli mu gulu iti?"

Ndinati mkazi wanga amadwaladwala.

"Kudwaladwala ni chimfine. Matenda bwanji?"

Ndinaloza kalata ya dokotala imene inali pa tebulo. Bwanayo anati waiwerenga, koma ba Njovu sawerenga Chingerezi cha madokotala, ndipo sangadinde ngati mboni pa chinthu chimene sanamve ndi makutu awo kuchokera kwa wopempha. Linali liwu limodzi lokha. Ba Njovu ankalidziwa kale, wadi yonse inkalidziwa chichitikire ngozi ija, panalibenso chobisa. Koma ndinatsegula pakamwa, lilime linakana. Ndinayang'ana chidindo, ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinamva kalaliki atasiya kulemba. Munthu amene ndinkaima pamaso pa ana tsiku lililonse n'kumawakalipira kuti ayankhe mokweza, ndinaima ngati mwana wogwidwa ndi mango m'thumba. Bwana uja anayang'ana wotchi, nayamba kutseka faelo.

Chitseko sichinali chotsekedwa bwino, ndipo benchi inali pafupi. Ndinangomva "Odi," amayi anu atalowa kale. Anagwada pafupi ndi khomo monga mwa ulemu, naomba m'manja mmene akanathera ndi dzanja lomangalo.

"Pepani bwana, sininaitaniwe. Ndine mukazi wa aba. Nili na khunyu."

Anamasula mpango pang'onopang'ono, naonetsa dzanja, khungu lake lili lofiira ndi lokwinyika.

"Inayamba pamene ninabala mwana wachibili. Nikamwa mankhwala sinigwa. Mankhwala yali ku Lusaka, ndalama ya basi ilibe. Iyi ninagwela pa moto mwezi watha. Ndiye vamene bafuna kukamba aba."

Ba Njovu anakankhira mpando wawo m'mbuyo, miyendo yake inalira pa simenti. Anasendezanso kapu yawo ya tiyi kutali.

"Bwana," anatero, akuyang'ana mkulu wa maphunziro, "iyi matenda siyambukila?"

Bwanayo asanayankhe, amayi anu anatembenukira kwa iwo.

"Ba chairman, munkoyo wanga mwamwa kangati chaka chino? Pa msonkhano wa chipani uja munamwa makapu yangati? Munagwapo?"

Kalaliki anabisa nkhope m'faelo, mapewa akugwedezeka. Bwana wa maphunziro anatsokomola, navalanso magalasi. Ba Njovu anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagonja pa bawo, nakokera pepala kwa iwo n'kumenya chidindo. Anati, "Mwana wa ba katekisi uyu, pakamwa ni pa batate bake." Bwanayo analemba kuti ngongole iime chaka chimodzi, ndipo ngati matenda apitirira ndidzabwerenso ndi kalata ina. Popereka pepalalo sanandipatse ine. Anapatsa amayi anu.

Zimene zinatsatira ndi zazifupi. Kudula kunaima patapita miyezi iwiri, chifukwa mapepala a boma sathamanga. Tinayambiranso kupita ku Lusaka, mapiritsi athunthu, ndipo kugwa kunachepa mpaka kunkatha chaka osachitika. Anthu ena analekadi kugula munkoyo, ena anabwerera. Amayi awiri a m'midzi yapafupi anabwera mobisa kudzafunsa za mankhwalawo, chifukwa nawonso anali ndi ana amene ankawatsekera m'nyumba. Mpando wa wachiwiri unapita kwa munthu wina wochokera ku Kafue, ndipo sindikudziwa mpaka lero ngati chifukwa chinali chimenechi. Chaka chotsatira ndinapitanso ku boma ndekha, n'kutchula matendawo ndi pakamwa panga. Ngongoleyo ndinaimaliza patapita zaka, Beni ali ku sekondale.

Koma tsiku lija, titatuluka mu ofesi, tinakaima pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu waukulu kudikira chokwera. Mitambo ya mvula yoyamba inali itayamba kusonkhana kum'mawa. Ine ndi amene ndinayamba kulankhula.

"Amake Beni, mukanayembekeza pang'ono. Nenze pafupi kukamba."

Sanandiyang'ane. Ankamanganso mpango padzanja, akukoka mfundo ndi mano.

"Mwina," anatero.

Ndinati ndinkachita zonsezo kuti anthu asawaseke. Apa m'pamene anatembenuka. Sanakweze mawu, ndipo m'maso mwawo munalibe mkwiyo, chimene chinandipweteka koposa.

"Atate ake Beni, ine nikagwa siniona kanthu. Sinimvela bantu, sinimvela na moto wamene. Vamene nimaona ni nkhope yanu nikauka. Nthawi zonse mumankhala muyangana ku chitseko."

Ndinaima pamenepo ndi jekete langa, magalimoto akudutsa, mpaka lole ya chimanga inaima. Amayi anu anakwera choyamba, akuponda pa tayala. Ine nsapato zanga za ku ofesi zinaterereka, ndinatsala ndikulendewera pa bodi, anyamata a pa lole akuseka. Amayi anu anawerama, natambasula dzanja lawo labwino lija, nandikokera m'mwamba.